Makalata a kopaletivi ali ku Sangilo

Anyina Tusekile,

Pepani ndachoka osatsanzika, ndathamangira ku Sangilo kwa achimwene anu a Jeffrey. Mutu wanga sukugwira.

Paja ndinkadandaula kuti bwana wa ku Mbeya wofuna mpunga wa kopaletivi yathu wangoti zii, sakuyankha maimelo, moti akomiti akuti mawa agulitsa kwa mavenda. M'mawa uno ndatsegula pa kompyuta kawindo kakuda kaja mumati ka mfiti, n'kulemba lamulo lotchedwa dig kuti ndione kumene maimelo athu amafikira. Yanditchulira dzina la kompyuta yakale yomwe tinachotsa mu ofesi ya ku Lupembe. Ndinati mwina ndi maso, n'kuyesanso lamulo lina la nslookup, yankho lomwelo. Nditaigogoda ndi lamulo la ping kuti ndione ngati ili yoyaka, yayankha ngati munthu ali m'nyumba.

Ndiye ndakumbukira kuti ndi ija inali pansi pa bedi, munapatsa alamu a Jeffrey kuti aziikira anthu nyimbo m'mafoni. Kuti ikulandira bwanji makalata ili pa shopu ya nyimbo, musandifunse, inenso sindikumvetsa.

Chonde aimbireni pompano, foni yanga sakuyankha. Auzeni asafufutemo kanthu, chifukwa dzana ankati yadzaza, akufuna kuipukuta yonse. Tusekile mukamutenge ndinu kusukulu, njinga ndatenga ine.

Ngati bwana uja anayankha, ndiye kuti chikololereni mpunga alamu akhala positimasitala wa kopaletivi, eni ake osadziwa. Koma zimenezi musawauze, angayambe kufuna yunifomu.

Gordon