Chimene Achimwene Anachapa Kuphanga

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Kawale tilipo. Mvula inagwa bwino chaka chino, ndipo kamunda kanu ka kumtsinje kabereka moti mukadaona mukadavina. Chimanga ndakolola ndekha. Maungu okha ndiwo anandithandiza kukolola anthu achifundo a usiku, anangondisiyira limodzi lobowoka ndi mbewa. Denga likudonthabe pamalo pomwe paja munkayalapo mphasa, ndipo eni nyumba akuti alikonza "sabata yamawa", sabata yomwe ija inayamba inu muli moyo. Ntchito ndikadali pomwepo ku Biwi, kutayipa makalata m'sitolo ya zitsulo zagalimoto, pakati pa amuna onunkha girisi amene amaganiza kuti mtsikana aliyense wodziwa kutayipa akufuna banja.

Mpongozi wanu anachira mwezi wathawu. Mwana ndi wamwamuna, mphuno ndi yanu yeniyeni. Ndinati timutche dzina la bambo anu, koma achimwene a Yohane anakana, akuti ndi lachimidzi. Amutcha Pulinsi. Galu wa kuseri kwathu kuno nayenso ndi Pulinsi, koma sindinanene kanthu. Mwaona, Amayi, ndikuyesetsa. Paja munkati, "Esinati, pakamwa pakopo ndi lumo, uzilisunga m'thumba, si mutu uliwonse wofuna kumeta." Ndinalisunga mpaka Lamulungu lapitali. Nkhani yake ndi imene yandigwiritsa cholembera.

Achimwene anasiya uphunzitsi. Anapeza ntchito kwa azungu ena oyenda m'mapiri kufunafuna malo akale oti awateteze. Iwo ndi womasulira, wonyamula zikwama, ndi wovomera chilichonse. Masiku ano amavala kajekete kopanda manja ka matumba ambirimbiri, ngati msaki wa njovu, pamene akungokwera minibasi kuchokera ku Area 25. Lamulungu anafika kuno atapinda kalendala m'khwapa, n'kuiyala pa tebulo lanu ngati abweretsa nsalu ya chikwati.

Tsamba lililonse linali ndi malo ake. Manda a mafumu a ku Iguputo, milu ya miyala yoposa nkhokwe za ku Kanengo. Khoma la ku China lokwawa pamapiri ngati njoka. Nyumba zamiyala za ku Zimbabwe, mathithi a pa Zambezi, nkhalango ya anyani akuluakulu. Ndiye panali phanga lina la ku Falansa, limene akuti analitseka chifukwa mpweya wa anthu unkawononga zithunzi zake, n'kumanga phanga labodza pambali kuti alendo azikaona limenelo. Tamvani, Amayi! Anthu akukwera ndege kukaona bodza, ndipo akudziwa kuti ndi bodza. Achimwene amafotokoza zimenezi maso ali waliwali.

Anati, "Mchemwali wanga, dziko lonse lapansi lili ndi mndandanda wa malo oterewa, osaloledwa kuwonongedwa ndi munthu aliyense. Phanga la kwathu ku Dedza likhoza kulowamo. Tangoganiza, kwathu, pa kalendala!"

Ine ndinati, "Kwathu kuti, achimwene? Paja kwanu ndi ku Area 25."

Musandidzudzule. Inu mukudziwa kuti munthu ameneyu ankachita nanu manyazi. Chaka chilichonse anthu akakolola, akakuitanani kumudzi kuti mukalangize anamwali kuphanga kuja, iye ankauza anzake kuti mwapita kukagula mbatatesi. Mawu akuti namkungwi ankamutsamwa ngati munga wa nsomba. Atakudulani mu mpingo chifukwa cha ntchito yomweyo, iye anakhala pa benchi yakutsogolo, tayi ili pakhosi, osatembenuka n'komwe. Tsiku la maliro anu, amayi a kumudzi atayamba kukuimbirani nyimbo zanu, iye anakaima kuseri kwa lole n'kumayang'ana matayala. Ine ndinamuona. Inu munkati mwana ndi mwana ngakhale akulume chala. Ine si mwana wanga.

Lero phanga lomwelo lasanduka "chuma cha mtundu wathu". Zasintha n'chiyani? Mzungu walijambula.

Chimene ankafuna ndi ichi. Mkulu wa gulu lawolo, dona wina wa chipewa chachikulu, akufuna kudziwa tanthauzo la zithunzi zoyera zija zojambulidwa pamwala m'phangamo. Akuti popanda tanthauzo, anthu a mndandanda aja sangamve. Anapita kumudzi ndi wailesi yojambulira mawu, nasonkhanitsa amayi pansi pa mtengo. Amayi aang'ono a Nabanda anamuuza kuti ndi abuluzi, anajambula ndi ana oweta mbuzi, kenako n'kumupempha mchere. Ena onse anangosanduka agonthi. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndiye achimwene anakumbukira kuti ali ndi mlongo amene anavinidwa kuphanga komweko, mwana wa namkungwi, wodziwanso Chingerezi. Akuti ndikangokhala ndi dona uja masana amodzi, ndinene kuti ichi ndi chakuti, icho ndi chakuti, basi.

Ndisakunamizeni, Amayi, mtima unagwedezeka. Phangalo lili pamavuto ndithu. Oswa miyala afika kale m'munsi mwa phiri, akugulitsa kwa omanga nyumba kuno ku tauni. Anyamata a sukulu alemba maina awo ndi a zibwenzi zawo ndi makala paliponse. Oweta ng'ombe amasonkha moto momwemo kukazizira, mwaye wadetsa denga lonse. Ndinaganiza kuti kapena ndingowauza pang'ono, zapamwamba zokha, kuti malowo apulumuke. Ndinakumbukira mawu anu akuti, "Mwamuna akafunsa za kutsimba, mupatse madzi akumwa." Koma ndinati mwina nthawi yasintha, mwina inunso mukadalola. Ndinali pafupi kuvomera.

Kunyada kwawo ndiko kunandipulumutsa. Pofuna kundionetsa kuti ntchito yawo ndi yeniyeni, anatulutsa zithunzi ziwiri m'thumba limodzi la kajekete kaja. China anajambula atangofika, china atatha "kuyeretsa" phanga. Maina a makala aja anali atachoka, chabwino. Koma maso anga anathamangira kumanzere, m'munsi, pomwe munthu amaona bwino akagwada. Pa chithunzi choyamba chinalipo. Pa chachiwiri panali mwala wokha, wotuwa ngati mbale yotsuka.

Mukudziwa chimene ndikunena. Chija munajambulira ine, tchuthi chomwe ndinatsiriza Sitandade 8. Ndinagwada pamenepo, inu mukuviika chala m'chikho cha dothi loyera. Chinali chala chija chinathyoka ndi munsi, chopindika, n'chifukwa chake mzere wa kumsana unakhota pang'ono. Munajambula pafupi ndi cha amayi anu, ndipo cha amayi anu chili pafupi ndi cha amene anawalangiza iwo. Zimene munandiuza tsiku limenelo sindilemba ngakhale m'kalata ino.

Ndinafunsa bwinobwino, mawu ali pansi. "Achimwene, apa panali chithunzi. Chapita kuti?"

Anamwetulira, Amayi. Anamwetulira ngati mwana amene wakhoza masamu. Anati, "Eya, uli ndi maso! Chimenecho chinali chabodza. Chinali choyera mbee, chatsopano kwambiri. Dona anangochiyang'ana n'kunena kuti ichi n'cha dzulodzuloli, cha anthu owononga, chikunyazitsa zenizeni. Ndinachichapa ine ndemwe. Chinavuta, iwe! Bulashi inatha ubweya."

Lumo lija linatuluka lokha m'thumba.

Ndinati, "Mwachita bwino, achimwene. Pa maliro munakana kunyamula bokosi, mumati msana. Lero msana wachira, mwatha kugwada n'kuchapa amayi anu ndi sopo."

Poyamba sanamve. Atamva, anakhala pansi ngati wamenyedwa ndi mpini. Anayang'ana chithunzi choyamba chija nthawi yaitali. Kenako anati, "Sindinadziwe, Esinati. Bwanji sanandiuze?"

"Akadakuuzani nthawi yanji? Si paja anali kogula mbatatesi?"

Analira, Amayi. Ndikukuuzani chifukwa ndikudziwa kuti inu mukadamupukuta misozi ndi chitenje chanu. Ine ndinamuyang'ana mpaka anatha. Misozi ya munthu ameneyu imachedwa ngati sitima ya ku Salima, ikafika anthu anapita kale wapansi.

Ndiye ndinamufunsa kuti, popeza walakwa, akalole kuti chijambulidwenso. Apa m'pamene munthu wa kajekete anabwerera. Anapukuta m'maso n'kunena kuti zimenezo n'zosatheka. Lamulo la malo otetezedwa, kulikonse padziko, n'lakuti palibe wokhudza. Osawonjezera, osachotsa. Ndinati nanga bulashi ija inali kuwonjezera kapena kuchotsa? Anati imeneyo inali sayansi. Akuti mvula isanayambe amanga mpanda wa waya pakhomo pa phanga, aika chikwangwani, ndipo kiyi azisunga mlonda. Mlondayo ndi mwamuna. Ndiye kuti amayi akafuna kulowa ndi anamwali, azikagwada kwa mwamuna kupempha kiyi, n'kulowa manja ali kumbuyo. Wopezeka akujambula, ndi wa ku polisi.

Mwamva kuteteza kwake? Chinthu chikhale chakale, mwini wake akhale atafa kalekale, dzina lake lisadziwike, pamenepo n'chamtengo wapatali. Koma mwini wake akakhala mayi wogulitsa nyemba mumsika wa Kawale, amene mwana wake akadali moyo, ndiye n'zonyansa, bweretsani sopo. Mukadafa zaka mazana apitawo, Amayi, bwenzi achimwene akukulonderani ndi chibonga. Kulakwa kwanu n'kwakuti munafa posachedwa.

Ndayang'ananso kalendala ija, poti anaiiwala pa tebulo. Malo onsewo ndi okongola, sindikana. Koma pa masamba onsewo mulibe munthu ngakhale mmodzi. Mulibe wophika, mulibe wolira, mulibe wojambula. Ndikudzifunsa kuti eni ake anawapititsa kuti. Kapena nawonso anali ndi alongo awo a matumba ambiri.

Dona uja ndamuyankha kudzera mwa achimwene omwewo. Ndati akamuuze kuti mwana wa namkungwi wagwirizana ndi a Nabanda: ndi abuluzi. Akafuna zambiri, ndili ndi madzi akumwa. Ndikudziwa kuti mwina chifukwa cha ine phangalo silidzalowa pa mndandanda wawo, ndipo oswa miyala akhoza kulifika tsiku lina. Zimenezo zikundisowetsa mtendere, sindibisa. Koma sindingapereke mawu anu kwa anthu amene anachapa dzanja lanu. Munkati, "Mtondo wosasinjiramo umadyedwa ndi chiswe, ngakhale uusunge m'chipinda." Iwo akufuna kusunga mtondo, osinja awathamangitse.

Achimwene atumiza mpongozi wanu kawiri kudzapepesa, khanda lili kumsana, poganiza kuti ndikaona mphuno ija ndifewa. Mwanayo ndamunyamula, ndamupsompsona, alibe mlandu. Bambo wake adikire. Musandilotetse maloto oti ndimukhululukire, chonde, chifukwa ndidzadzuka n'kukana.

Tsopano mverani chimene ndachita. Ndatuma uthenga kwa a Nabanda kudzera mwa mayi wina wobweretsa kabichi kuchokera kwathu. Ayankha kuti kuli atsikana atatu amene akula, akudikira, ndipo chimwalirireni inu palibe amene walimba mtima kuviika chala. Akuti akakumba dothi loyera kudambo komwe kuja munkakumba inu. Ine ndapempha tchuthi kuntchito, ndanena kuti ndikukagula mbatatesi.

Mantha ndili nawo, koma si a polisi. Tsiku lija ndinali mwana, maso anali pansi nthawi zambiri, ndipo sindikukumbukira bwino ngati timadontho ta m'mbali tinkayambira kumutu kapena kumchira. Chala changanso n'chowongoka, chazolowera makina otayipira. Ndikadzagwada pamenepo, mudzabwere, Amayi. Mudzandigwire dzanja monga munkachitira pondiphunzitsa kupeta, mzere ukakhote pomwe unakhota.

Ndikulonjezani ichi: mvula isanagwe, kaya mpanda ulipo kaya palibe, kumanzere m'munsi kudzakhala chithunzi choyera mbee, chatsopano moti dona akadzachiona chipewa chidzagwa. Akadzachichapa, ndidzapitanso. Sopo ndi wogula, Amayi. Dothi n'lokumba.

Gonani bwino. Ndimakukondani lero monga ndinkakukonderani muli pamphasa paja.

Ndine mwana wanu wosamva,
Esinati