Phazi Lotulukira Pampanda

Biriwiri, Ntcheu

Okondedwa bambo a Tisunge,

Muli bwanji ku Joniko? Chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno Mulungu akutisunga. Tisunge waguluka dzino lakutsogolo, ndiye akungosekerera aliyense kuti aone mpatawo. Kachewere wachita maluwa, munda wonse wayera mbee.

Ndasankha kulemba chifukwa foni kuno imagwira pachulu paja pokha, ndipo pachulupo pamakhala makutu a mudzi wonse. Kalatayi akupatsirani a Wilfred, msuweni wanu.

Mabuku achikhristu awiri aja munatumizira bambo anu anafika. Komatu inunso, kutumizira mabuku munthu woti maso ake anachita ng'ala. Anangowasisita zikuto n'kuwanunkhiza. Pakhomo pano wotha kuwerenga ndine ndekha, ndipo ine ndine mtengwa. Chilowereni m'banja lanu sindinakhalepo nawo pamphasa imodzi, ndikawaona panjira ndimapatukira patchire monga mwa mwambo.

Nzeru anaipeza okha. Anakokera mpando wawo kumpanda waudzu uja wa pakati pa nyumba yathu ndi yawo, n'kukhosomola mpaka ndinamva chimene ankafuna. Chiyambire pamenepo, ndikaweruka kumunda ndimayala chiguduli mbali yakuno, iwo mbali inayo, n'kuyamba kuwerenga.

Ndimaikonda nthawi imeneyo. Nkhungu imatsetsereka pang'onopang'ono kuchokera kumapiri a kumalire mpaka nkhokwe kubisika. Pena ndimaiwala kuti kuseriko kuli munthu, ndimangoona ngati ndikuwerengera udzu, udzuwo n'kumavomera kuti eya. Pena mawuwo amanditengera kwathu ku Bwanje. Ndimapezeka ndaima m'madzi ofunda a m'munda wa mpunga, akakowa akuuluka pamwamba, pakamwa pakuwerengabe. Chimandibweza ndi chifuwa chawo.

Buku la chikhulupiriro analikonda. Titayamba la kudzichepetsa anati limenelo analembera anthu ena, poti iwo chikhalireni mkulu wa mpingo amanyamula okha mabenchi n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Mumawadziwa bambo anu, ngakhale pa kudzichepetsa safuna wina awapose.

Tsono imvani zimene pafoni amakubisirani. Anadzitema ndi khasu paphazi, ndipo chifukwa cha shuga uja balalo linakana kupola. Kuchipatala anati lizitsukidwa tsiku lililonse ndi madzi amchere n'kumangidwa, apo ayi mwendo udzadulidwa. Bambo eniake saliona. Azakhali anu a Esnath amabwera mwa apo ndi apo, poti kwawo n'kutali. Nditapempha kuti ndiziwatsuka ndine, bambo anayankha kuti mtengwa sagwira phazi la apongozi ake, bola alidule. Ndinkawerenga fungo likudutsa mpanda, mtima ukundipweteka.

Tsiku lina tinafika pa mutu wonena za Ambuye akusambitsa mapazi a ophunzira awo, wina n'kukana kuti asamusambitse. Wolembayo anati kutumikira ena n'kosavuta, chifukwa wotumikira amayamikidwa. Chovuta ndi kutambasula phazi lako lomwe, ndi litsiro lake, kuti wina aligwire.

Ndinayesa bambo agona kuseriko. Kenako anandiuza kuti ndibwereze pomwepo, ndipo nditabwereza anati ndibwerezenso. Nkhungu inali itatikuta moti ngakhale denga la nyumba yawo silinkaoneka.

Ndinamva udzu ukuchita phokoso pansi, paboo paja pamadutsa nkhuku. Ndikati ndiyang'ane, phazi latulukira mbali yanga, lokulungidwa ndi kansanza. Anangonena kuti madzi asatenthe kwambiri.

Ndinalitsuka misozi ikugwera m'beseni. Iwo sanabuule n'komwe, ankangong'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Kuyambira tsikulo timayamba ndi phazi, buku pambuyo. Fungo latha ndipo balalo layamba kuuma m'mbalimu.

Koma sabata yatha azakhali anatipezerera. Anati ndabwera ndi kupanda mwambo kwa kuchigwa, ndachititsa manyazi mtundu wonse, ndipo ndilongedze ndikakudikireni kwathu. Sindikuwada, akuteteza zimene anakulira. Bambo anayesa kundiikira kumbuyo, koma azakhali anati munthu wodwala saweruza mlandu wake.

Ine ndikuopa, bambo a Tisunge. Ndikachoka pano, phazilo alitsuka ndani? Paja amati pepani sapoletsa chilonda. Mwendo ukadzadulidwa, pepani wa aliyense adzatithandiza chiyani?

Njira ilipo, ndipo azakhali omwewo aivomera. Akuti akuluakulu atha kukhala pansi, pakaperekedwa nkhuku, ine ndi bambo n'kupatsana moni wapamanja pamaso pawo, zopewanazi n'kuthera pomwepo. Koma woyambitsa nkhaniyo ayenera kukhala mwini mkazi. Nkhuku ilipo, tambala wofiira uja amakudzutsani. Chikusowa ndi mawu anu okha. Chonde aimbireni azakhali, muwalankhule mofatsa, ngakhale mudzi wonse umvere pachulupo.

Dzulo nditamanga bala, bambo anati ndikuuzeni kuti phazi lawo likuwadziwa kale manja a mtengwa wawo, chatsala n'choti dzanja lawo liwadziwenso. Bukulo latsala mutu umodzi. Ndikuwerenga pang'onopang'ono, iwonso akundibwezabweza dala, kuti lisathe yankho lanu lisanafike.

Mundiperekere moni kwa alamu a Raphael ndi akazi awo a Hannah. Tisunge akuti mudzamupeza dzino litamera. Ambuye akufungatireni kuntchito ndi pogona panu, akubwezereni kwa ife muli amphumphu.

Ndine mkazi wanu,
Maness