Kalumo ka Mlendo ndi Keke Yoombeza

Lachinayi, 9 Okutobala

Kuzizira kwayamba. Jekete laubweya, tayi yotuwa, ngakhale pa wailesi palibe wondiona. Ulemu sudikira maso.

Lero ndakwanitsa chaka pa kawailesi kathu ka kuno ku South Bend. Mphindi khumi masana a Lachinayi lililonse, m'chipinda cha pansi pa tchalitchi, m'Chingerezi cha amishoni chimene eni ake adachitaya kalekale. Dzina la pulogalamu: Mlendo Akuti. Mwambi wotsegulira ndi womwewo, wa mlendo wodza ndi kalumo kakuthwa.

Ndameta ambiri chaka chino. Agalu ovala majuzi. Otsatsa mankhwala a mutu pa kanema, amene amamaliza ndi mawu okoma akuti mwina mufa nawo. Owerenga nkhani olengeza mvula ngati kwabuka nkhondo. Koma lero ndameta mpala.

Mutu wake: phwando loulula mwana wosabadwa. Mkazi akakhala ndi pakati amaitana mtundu wonse, adule keke. M'kati mukakhala buluu ndi mwamuna, pinki ndi mkazi. Onse kukuwa, mafoni m'mwamba. Ndinati kwathu woombeza amanyamula ula, kuno amapakidwa shuga. Ndinati mwana asanakoke mpweya ali kale ndi omutsatira pa intaneti. Ndinatseka ndi mawu akuti mkazi wochita zotere ngwosalangidwa, analibe mayi womunong'oneza.

Mayi Pruitt, oyang'anira wailesi, anaseka mpaka kutaya khofi. Chaka chathunthu, dzina la Chiwaula likuwakanikabe. Akuti: "Bambo Chiwawa, lero ndiye mwawotcha tchire!"

Kunyumba Eluby, mwana wanga yekhayo, sanayankhe moni. Tiyi ndadzithirira ndekha. Mwina kutopa. Ntchito yosamalira nkhalamba za eni ake.

Lachisanu, 10 Okutobala

Mkamwini Darrell anandiitanira m'galaja. Amanditcha Lameki, ngati tidavinidwa pamodzi. Chingerezi chilibe "inu", koma khutu langa limamva bwino lomwe kuti ameneyu ndi "iwe".

Anatsegula katoni. Mabaluni. Theka a buluu, theka a pinki.

Eluby ali ndi pakati. Miyezi isanu. Phwando lili Loweruka la sabata yamawa, ndipo mpeni wodulira keke adakonza zopatsa ine. Chinali chinsinsi choti ndidzakondwere nacho.

Mawu ake: "Eluby anakumvera ali m'galimoto, Lameki. Analira mpaka kuimika pambali pa msewu. Zaka khumi ndi chimodzi tikudikira mwana ameneyu."

Ine, mphunzitsi wamkulu wa zaka makumi atatu, amene ndinkadziwa mwana wobisa mango m'kabudula ali kumbuyo kwenikweni kwa kalasi. Miyezi isanu, denga limodzi. Ndinaona madiresi akukula, ndinati chakudya cha ku America. Ndinaona akuthawa fungo la usipa wanga, ndinati kudzikweza. Bambo waulemu sayang'ana thupi la mwana wake wamkazi. Ulemu ndasunga ndithu. Maso ndiwo ndataya.

"Analibe mayi womunong'oneza." Amayi ake, Nagama wanga, adatisiya zaka zinayi zapitazo. Chiganizocho ndidachilemba ndi dzanja ili, n'kuchikonza kawiri kuti chithwe bwino.

Lamulungu, 12 Okutobala

Kutchalitchi, benchi limodzi, pakati pathu Darrell ngati mpanda. Abusa anavala jinzi. Ulaliki wa mphindi khumi ndi ziwiri, poopa kuti mpira wa pa kanema ungayambe Mulungu asanamalize. Nkhani yabwino ya pa wailesi, ndikadakhala ndi mtima.

Masana ndinapeza Eluby kukhitchini. Ndinakhala pa mpando, manja pa mawondo, n'kufunsa mwadongosolo chifukwa chimene sindinadziwitsidwe.

Sanatembenuke. Anati: "Kodi kwanu mwana wamkazi amauza bambo ake zimenezi? Ndinasunga mwambo wanu, Bambo, n'chifukwa chake simunadziwe. Wa apongozi anga nawonso ndiusunge. Thupi limodzi, miyambo iwiri, ndiye wosalangidwa ndine."

Ndinayamba kulongosola kuti nthabwala ya pa wailesi simaloza munthu. Anandidula, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Akuti Loweruka ndikhoza kukakhala ku laibulale, mpeni adzagwira amayi a Darrell. Akutinso ngati America akundinyansa chotero, ndege za ku Lilongwe sizinasiye kuuluka.

Ku Lilongwe kuli ndani? Manda a Nagama ndi nyumba ya alendi.

Lolemba, 13 Okutobala

Foni ya Mayi Pruitt m'mawa, mpweya uli m'mwamba. Winawake adadula kachigawo ka pulogalamu yanga konena za keke n'kukaika pa intaneti. Amva anthu zikwi makumi asanu ndi limodzi. Chaka chonse ndimalankhula kwa nkhalamba zochepa ndi oyendetsa mathiraki. Ndalakwa kamodzi, dziko lonse latchera khutu.

Theka akuti ndine mneneri. Theka akuti ndibwerere kumene ndidachokera. Pa mfundo imeneyi agwirizana ndi mwana wanga.

Ndinachita chopusa. Ndinawaululira Mayi Pruitt za kunyumba, poganiza kuti munthu wamkulu agwira pakamwa. Anakuwa ndi chimwemwe ngati wapeza ndalama pamsewu. "Mayo ine, Bambo Chiwawa, imeneyo ndiye nkhani! Mubwere naye mwana wanuyo Lachinayi, mupepese anthu akumva. Akalira, tisamuletse. Inunso mukatha kulira, chonde yesetsani."

Ndakuona kupepesa kwa kuno pa kanema. Munthu wavala zoyera, mkazi wake waima pambali ngati mtengo wa magetsi. Sanena kuti ndalakwa. Amati ngati alipo amene wakhumudwa. Amati waphunzira zambiri, ali paulendo. Pakapita mwezi watulutsa buku la ulendowo.

Ndinayankha kuti misozi ya banja la Chiwaula si ya malonda. Anati ndiganizirebe.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Woyandikana nafe wakhala mmawa wonse akuthamangitsa masamba ndi makina ophepheza. Masamba apita kwa mnzake. Mnzakeyo watulutsa makina ake.

Sindinathe kuseka.

Chaka cha 1978, ku Nkhoma. Pakati poyamba pa Nagama. Tinali ophunzira, ife. Za makolo tinkati n'zachikunja. Adaluka kachipewa koyera, ine n'kukaonetsa aphunzitsi onse m'chipinda chathu chopumira. Mlendo adafika, adakhala masiku awiri. Wachiwiri sadalire n'komwe. Pa Eluby sitidagule ngakhale ulusi, sitidauze ngakhale abusa, mpaka adatuluka m'chikuta.

Mlendo ndi mame. N'chifukwa chake satchulidwa asanafike.

Tsono Lachinayi lija pa wailesi sinali nzeru ya makolo imene inkalankhula. Anali mantha ovala tayi.

Eluby sadziwa za awiriwa. Ulemu womwewo.

Lachinayi, 16 Okutobala

Ndinapita ndekha. Nkhope ya Mayi Pruitt inagwa poona kuti kumbuyo kwanga kulibe wolira.

Mphindi zisanu ndi zitatu ndinakamba za mafupa a pulasitiki amene anthu akoleka m'makomo mwezi uno. Mtundu woopa kutchula imfa, umene umati agogo "adutsa", koma wogula chigaza pamtengo wotsitsa n'kuchiyatsira nyale. Kenaka ndinaika pepala pansi. Ndinati mphunzitsi akalakwitsa pa bolodi amafufuta ana akuona. Ndinati chiganizo chotsiriza cha sabata yatha ndachifufuta: panalibe mkazi wosalangidwa, panali nkhalamba yamantha. Ndinati kwathu khanda timalitcha mlendo, monga ine, ndipo kalumo kakuthwa kakagwidwa ndi dzanja lonjenjemera kamacheka wa m'nyumba. Dzina sindinatchule. Misozi sindinapereke.

Mayi Pruitt: "N'zokoma, koma sizipita patali. Palibe amene wakwiya."

Ndinabwerera pa basi ndili wowongoka, ngati wochokera kokhoza mayeso. Pakhomo ndinafunsa Darrell mochenjera ngati wailesi ya m'galimoto ikugwira bwino. Anakanda m'mutu. Akuti Eluby adaichotsa siteshoni yathu Lachisanu lomwe lija. Masiku ano amamvera nyimbo.

Ndapepesa kwa oyendetsa mathiraki a m'chigawo chonse cha Indiana. Ndikhulupirira andikhululukira.

Lachisanu, 17 Okutobala

Za pa mphepo zakanika. Zatsala zakwathu. Wolakwa sapita yekha ndi pakamwa pake. Amatuma munthu, ndi nkhuku.

Nkhuku yamoyo m'tauni muno kulibe, ndipo ndikadaipeza bwenzi apolisi atabwera ndi galimoto zitatu. Ndinagula yootcha kale, ya m'chigoba cha pulasitiki, yotentha. Yopanda mutu, yopanda mapazi, yopanda nthutumba. Kwathu nkhuku yotere ikadabutsa mlandu wina. Ndinaikulunga m'nsalu ya Nagama.

Wotuma? Ankhoswe ali kutsidya kwa nyanja yamchere. Wamkulu yekhayo ndi asewele anga, Mayi Lorraine, amayi a Darrell, eni mwambo wa keke, amene ndidawanyoza anthu zikwi makumi asanu ndi limodzi akumva. Ndinawapeza pabwalo lathu akupachika mabaluni. Ndinavula chipewa, n'kulongosola pang'onopang'ono: aipereke kwa Eluby ndi manja awiri, anene kuti bambo ako agwira mwendo.

Anati: "Ha, Lameki, ndinu munthu wabwino bwanji! Mwandipulumutsa, ndimadandaula kuti ndiwo zichepa mawa." Anandikumbatira, osafunsa.

Ndinaonera pa zenera. Nkhuku ya chipepeso changa anaisadzula ndi mafoloko awiri, n'kuisakaniza ndi mayonezi, ya masangweji. Eluby analowa. Sindinamve zonse, koma mawu a asewele amadutsa galasi: "Bambo ako abweretsa iyi, akuti ndikupatse ndi manja awiri, komanso china chake cha mwendo. Kaya mwendo ukuwapweteka? Miyendo yake ndaika kale m'mbalemu."

Eluby anayang'ana mbale. Anayang'ana nsalu ya amayi ake pa tebulo. Anaitola, n'kukwera nayo kuchipinda.

Osaseka, osalira. Sindidziwa ngati mlandu watha kapena wangosanduka sangweji.

Buku la ku laibulale ndaika kale m'chikwama, la mawa.

Loweruka, 18 Okutobala

Ndinavala tayi yoyera ya pa ukwati wa mwana wanga, chikwama m'manja, ulendo wa ku laibulale. Pa masitepe ndinakumana ndi Eluby, atamanga nsalu ija m'chiuno pamwamba pa diresi. Lero ndinayang'ana. Pakuonekadi.

Anati: "Nkhuku yanu inalibe nthutumba, Bambo. Mudadya panjira?" Ndinati ndinaigula choncho. Anati: "Ndalandira. Ikani chikwamacho pansi."

Ndinamuuza za awiri aja, pomwepo pa masitepe, mawu anayi kapena asanu. Anati amayi ake adamuuza kale ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Adamunong'oneza. Akuti nayenso amaopa tsiku lililonse, n'chifukwa chake akufuna anthu ambiri pabwalo, aziopa naye pamodzi.

Anthu makumi atatu. Mafoni makumi atatu. Galu wa asewele atavala juzi, theka buluu theka pinki. Masangweji anatha onse. Chipepeso changa akuti chinakoma. Darrell anandipatsa mpeni, nati: "Nawu, Bambo." Bambo. Wina wamuphunzitsa.

Onse anawerenga mokweza kuchokera pa khumi kubwerera m'mbuyo, ngati akuponya chombo kumwezi. Ndinaika dzanja pa mpeni. Eluby anaika lake pamwamba pa langa, tinadula.

Anakuwa. Ndikumva kuti inenso ndinatulutsa mawu ena ake, ndipo alipo pa mafoni makumi atatu. Mayi Pruitt asadziwe.

Mtundu wa m'kati mwa keke sindilemba muno. Mlendo satchulidwa asanafike. Tidzaona mu Febuluwale, Mulungu akalola.

Tayi yokha ndiyo ikuulula. Padontha banga lalikulu ndithu, pamtima penipeni. Eluby anati abwere nayo achape.

Ndakana.