Paipi Yoonera Mbalame

Zengeza 4
Chitungwiza
22 Novembala 1987

Okondedwa achimwene a Meshack,

Ndayamba ndi kufunsa moyo wanu, wa alamu ndi wa ana. Nanga amayi, mwendo uja unaphwa? Kalata yanu ya mu Ogasiti ndinailandira, koma dzanja linkalemera kuti ndiyankhe. Ino ndapatsira a Mackson oyendetsa lole, sindinafune kuti idzere ku positi. Ine ndi ana tikudzuka. Alamu anu, bambo a Rosina, sali bwino.

Mukudziwa kuti a Fabiano amadyera kujambula zithunzi. Ankazungulira pa njinga mu Zengeza ndi mu Seke, kujambula maukwati, ubatizo ndi ana a sukulu. Koma mtima wawo unali pa mbalame. Mzungu amene ankamugwirira ntchito ku Harare, pochoka m'dziko muno, anawasiyira paipi ina yokhota uku ndi uku, ya magalasi mkati. Amaitcha perisikopu. Ukagona pansi n'kusuzumira kumunsi kwake, umaona za pamwamba pa udzu osadzutsa mutu. Akuti anthu a sitima zoyenda pansi pa nyanja amaonera chomwecho. Anawasiyiranso zithunzi za sitimazo, iwo n'kuzimata pakhoma kuchipinda.

Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ankapita ku mtsinje wa Manyame kukabisala m'bango ndi paipiyo. Kuli mbalame ina yakuda imene imamiza thupi lonse m'madzi, khosi lokha n'kutsala kunja ngati njoka. Ankati mbalameyo ndi paipi yawo n'zapachibale. Kenaka anayamba kuona kukhota komweko paliponse, pa mapaipi a pamadenga a mafakitale, ngakhale pa thanki yaikulu ya madzi. Zonsezo ankajambula. Ine ndinkawaseka kuti filimu ikuthera pa zinthu zosadziwa kumwetulira.

Chiphulikire mabomba ku Harare chaka chino, anthu kuno akuyang'anana ndi diso lina. Ife a ku Malawi ndiye zatiipira, chifukwa amati dziko lathu limadyera limodzi ndi azungu a ku Joni.

Lamulungu lina mu Seputembala a Fabiano sanabwerere. Mai Rutendo, Mshona woyandikana nafe amene ali ndi dimba kumtsinjeko, anafika ali wefuwefu. Anati waona amuna atatu ovala zovala wamba akuwatulutsa m'bango n'kuwakankhira m'galimoto. Dzuwa lisanalowe amunawo anali pakhomo pathu. Anagudubuza matiresi, anamatula zithunzi za sitima, anatenga za thanki ndi za mafakitale. Mmodzi anandifunsa m'Chishona kuti munthu wabwino amasuzumiriranji mobisala. Ndinati amaona mbalame. Anaseka, n'kufunsa ngati mbalame za mabwidi zimamwa m'thanki ya tauni yonse. Mabwidi ndi dzina lotitukwanira ife obwera. Ndinatulutsa zithunzi za mbalame kuti aone. Anazitaya pansi n'kuzipondaponda potuluka.

Ndinayenda, achimwene. Paliponse pamene ndinagogoda ankati munthu wotereyo sakumudziwa. Anzathu a m'bungwe la maliro anasiya kubwera. A Bernard, mnzawo wa a Fabiano kuyambira ali anyamata ku mgodi, amene anatiimira umboni pa ukwati, akandiona ankaoloka msewu. Kwathu timati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Kuno aliyense anangogwira zake. Sindinawaimbe mlandu, mantha ndinali nawo inenso.

Rosina kusukulu ankamutcha mwana wa mutengesi, ndiko kuti wogulitsa dziko. Kale lomwe ndikamulankhula Chichewa amayankha m'Chishona. Tsopano anandipempha kuti ndisamalankhule Chichewa tikakhala m'basi. Ndinamumvera.

Kumapeto kwa Okutobala a Bernard nawonso anawatenga, ali pa ntchito yawo yokonza njinga. Mpaka lero sanaoneke.

Patapita masiku ochepa, ndikusesa m'mawa, ndinaona munthu atakhala pansi tsinde la mpanda, wopanda nsapato. Ndinaganiza kuti ndi wopemphetsa mpaka atanditchula dzina. Anangowatsitsa pa msewu wa Seke, opanda mlandu, opanda mawu. Khutu lakumanzere silimva. Zala ziwiri za dzanja lamanja zinathyoka ndipo zikupola zokhota, moti supuni imawagwa. Mapazi ndimawathowa ndi madzi a mchere. Kamera imene anawalanda sanabweze, ndipo ngakhale akanabweza, agwira ndi chiyani? Panja satuluka. Amakhala pansi kuseri kwa chitseko, galimoto ikaima pamsewu thupi lonse limanjenjemera.

Zimene anawachita sanena. Anandiuza chinthu chimodzi chokha, Lachinayi lapitali, ana ali kusukulu. Anati amunawo ankafuna dzina la munthu amene ankamupatsa zithunzi. Iwo ankati palibe, n'kumatchula mbalame mpaka mawu kutha. Atatopa anayamba kutchula anthu amene anamwalira kale ku mgodi, koma amunawo anafufuza n'kubwerera atakwiya koposa. Tsiku limene anawathyola zala, pakamwa pawo panatuluka dzina la a Bernard. Akuti sanaliganize, linangobwera chifukwa ndi dzina limene alitchula kwambiri pa moyo wawo. Atanena zimenezi anandigwira mwendo n'kulira ngati khanda. Ndinangowasisita kumsana.

Chimene chikuwamaliza ndi ichi. A Winifred, akazi a a Bernard, amabwera pafupifupi tsiku lililonse, mwana ali kumbuyo. Amagwada pakhomo la chipinda n'kupepesa kuti amuna awo ankatizemba nthawi ija. Ndiye amafunsa ngati a Fabiano anawaonako a Bernard kumene anali, ngati akudya, ngati ali ndi bulangeti. Dzulo anabwera ndi thobwa loti wodwala amwe. A Fabiano amatembenukira kukhoma. A Winifred akachoka, sadya tsiku lonse. Chingwe choyanikira zovala ndachimasula, ndipo mankhwala a makoswe ndakasiya kwa Mai Rutendo. Mukumva chimene ndikunena.

Pempho langa ndi limodzi. Mubwere mudzawatenge apite kumudzi. Okha sangayende, ndipo ine ndikachoka pa ntchito yosoka ija nyumba atilanda, ana asowa pogona. Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi yodzala ndipo munda ukudikira inu, koma sindikuona kuti angafike Khirisimasi ali m'chipinda muno. Musadzere ku Tete, njira imeneyo kuli nkhondo. Mudzere ku Chipata ndi Lusaka ngakhale kuli kozungulira. Amayi muwauze kuti mkamwini wawo wadwala ndipo akufuna mpweya wakumudzi. Zinazo zikhale za inu ndi ine.

Za a Winifred ndaganiza kale. Ndikadzamva kuti mwadutsa malire a pa Chirundu pobwerera ndi a Fabiano, ndidzapita kwawo ndekha ndikawauze zonse. Sindifuna adzamve kwa wina, kapena kwa a Bernard eni ake ngati Mulungu atawabweza. Mkazi uja wandibweretsera thobwa m'nyumba mwanga. Chimene adzandichite akadzamva sindikuchidziwa, ndipo ndidzachilandira.

Mupereke moni kwa amayi, kwa alamu anga, kwa azakhali a kutsidya ndi kwa amalume. Rosina ndi Julia akupereka moni kwa agogo awo ndi kwa asuweni awo onse. Bambo awo ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Anapukusa mutu.

A Mackson abwereranso kuno sabata yamawa. Muwapatsire yankho, ngakhale la pakamwa.

Ndine mlongo wanu,
Felesita