Mahari Anga, Malata a Amalume

Lolemba, 3 Malichi

Amalume abwera kushopu masana, ine mapini ali kukamwa, ndikupinda diresi ya kasitomala. Akuti akambirana kale ndi akwawo kwa Wamagetsi wanga, mnyamata amene akufuna kundikwatira: mahari anga akhala malata. Malata! Wokwatiwa ndine, denga likhala lawo. Ndangoti "chabwino amalume", poti nyumba yawo imadonthadi, ndipo sukulu ya utelala anandilipirira ndi iwo bambo atamwalira.

Lachiwiri, 4 Malichi

Kumaphunziro a amayi kumzikiti ndafunsa za mahari ngati ndikufunsira mnzanga. Akazi a Shehe andiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kamuuze mnzakoyo kuti mahari ndi mphatso ya mkwatibwi. Amatchula yekha, amasunga yekha. Ngakhale mwamuna wake sakhudza popanda chilolezo." Mayi wina kumbuyo akuti kwathu mwana ndi wa malume. Akazi a Shehe: "Mwana inde, mahari ayi."

Ndiye zaka zonsezi m'maukwati ndimamva chiyani ine? Kaya ndimangoyang'ana masokedwe a zovala.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndasoka thumba mozondoka, abwana andikalipira. Mutu wonse uli pa makina osokera. Angaanga, osati a pashopu odumphitsa ulusi awa. Wamagetsi akuti kwa iye n'chimodzimodzi: "Ungotchula, koma usandiyambanitse ndi amalume ako." Munthu wokwera mapolo a magetsi kuopa nkhalamba!

Lachisanu, 7 Malichi

Tikupinda zochapa ndawafunsa amayi kuti mahari awo anali chiyani. Aganiza kaye. "Njinga."

"Ili kuti?"

"Si ija achimwene ankakutengera kusukulu?"

Ndinakulira pakaliyala pa njinga imeneyo ndikuthokoza amalume, osadziwa kuti mwini wake ndi uyu ankatsala pakhomo akutibayibitsa. Amayi sanaphunzire n'komwe kupalasa. Akuti sanafunsidwe, ndipo sankadziwa kuti pali chofunsidwa. Zandiwawa kwambiri. Koma amalumenso sindikuwada, anangotsata zimene anapeza.

Loweruka, 8 Malichi

Mawa a Shehe abwera kudzandifunsa mahari pamaso pa abale.

Lamulungu, 9 Malichi

Pabalaza panadzaza. Amuna pamipando, ife pamkeka pafupi ndi chitseko. A Shehe: "Mwanangu, mahari ako akhale chiyani?"

Ndisanatsegule pakamwa, amalume ayamba: "Tinagwirizana kale kuti malata..."

"Ndikufunsa mkwatibwi, bambo."

Ndinaona nsapato za amalume zong'ambika kutsogolo, ndipo ndinatsala pang'ono kunena malata. Amayi anditsina pantchafu.

"Makina osokera," ndatero. "Malatawo ndidzawagulira ndekha ndikayamba kusoka, koma mwa kufuna kwanga."

Wamagetsi maso ali kudenga ngati akufuna waya woduka. Amalume aseka kuseka kosafika m'maso: "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere." A Shehe avomera kuti zatha, makina.

Anthu ayamba kufunafuna nsapato. Pamenepo amayi, amene salankhula pakakhala amuna, akonza mpango n'kutsokomola.

"A Shehe, ndifunse nawo. Mahari akatengedwa ndi wina kalekale, mwini wake osafunsidwa, amatha ntchito?"

"Satha, mayi. Pokhapokha mwini wake akhululuke."

Amayi agwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa amalume.

"Achimwene, takhalani kaye pansi."