Mzere wa Matope pa Jekete

Lasabata, 2 Disembala 2018

Mvula kuyambira m'mawa. Inakata nditavala kale. Ulendo wa ku katchalitchi kathu ka kunjira ya Kabudula, komwe ndakhala ndikutsogolera mapemphero chiyambire Okutobala.

Njinga imene mwana wanga Noel ananditumizira kuchokera ku Joni imathamanga, sindikana. Matayala ngati chala, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Koma ilibe madigadi, ilibe kaliyala, ilibenso ulemu. Ndafika ndi mzere wa matope kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi. Jekete yakuda, katondo wofiira. Nditatembenuka kuti ndilembe nambala ya nyimbo pa bolodi, amayi a m'kwaya anayamba kutsinana. Ine Levison, amene ndinaphunzitsa zaka makumi atatu ndi ziwiri, n'kumabweza ana kunyumba chifukwa cha zikhadabo.

Titaweruka, tiyi pakhonde pa a Getrude monga mwa nthawi zonse. Anatenga chitsononkho n'kuyamba kundipala matope kumsana ndili chivalire, poti mkulu wa mpingo savula jekete pakhomo pa mayi wamasiye. Aka n'kachitatu. Manyazi ake osanena. Ndinangoyang'ana nkhuku zawo.

Akupala choncho ndi pomwe anatchula. Mwana wawo Bridget adzawatenga pa 27, azikakhala naye ku Area 25. Akuti ndi maondo amenewa sangamakhale okha. Ndinayankha kuti ndi maganizo abwino. Maganizo abwino! Pakamwa panga mpofunika kupamenya.

Ndilembe muno poti palibe adzawerenge: ndimawafuna a Getrude. Zaka zisanu chimwalirire mkazi wanga Sabina, ndipo n'koyamba kulemba mawu otere. Kwatsala masiku 25.

Lachiwiri, 4 Disembala

Kuchapa jekete. Katondo satha ndi madzi amodzi, sopo nayenso wakwera.

Ndinamuimbira Noel kumudandaulira za matope. Za a Getrude ayi. Anaseka mpaka kutsokomola. "Adadi, madigadi ndinaika m'katoni momwemo. Simunawaone?"

Ndinasolola katoni pansi pa bedi. Alimodi. Tizinthu tiwiri tapulasitiki, takuda, topepuka ngati khungwa la nthochi, tili ndi timiyendo tawaya. Ine kuyambira Ogasiti ndinkayesa zotchingira njinga kuti isakandike m'njira.

Ndatsimikiza. Sindipondakonso kwa a Getrude mpaka ndidzafike woyera. Mwamuna sangapemphe banja ali ndi munda kumsana. Tsiku limenelo ndidzafika ngati munthu, ndidzakhala pampando, ndidzanena mawu anga maso ndi maso.

Lachinayi, 6 Disembala

Ku Nsaru, kwa a Rabson okonza njinga, pansi pa mtengo wa keshya. Anaizungulira njinga kawiri. Anasisita foloko, anasuzumira kumbuyo, kufuna mabowo a mabawuti. Palibe ngakhale limodzi. Anati azungu anaiwala kuboola, ndipo ntchito yake njosavuta.

Nditaona atulutsa chobowolera n'kuchiloza pa felemu, mtima unandisiya. Felemu imeneyi si yachitsulo chathu chino, ukaigogoda imalira ngati poto. Ndinaigwira njinga ngati mwana akulandidwa. Iwo anakhumudwa. Akuti chinthu chopanda bawuti sichigwira, ndipo iwo anayamba kukonza njinga ine ndisanamere imvi. Akabaza amene anali pamenepo anagawikana, ena mbali yawo, ena yanga. Mmodzi anati njinga zotere eni ake amakwera dzuwa likamawala basi.

Tinagwirizana zomanga ndi waya. Kuyambira pamsika inali kwekwekwe, agalu kutuluka m'mipanda. Ndisanafike pachigayo akumbuyo anagwa. Waya wakanda penti malo awiri. Ndabwera nawo m'manja.

Loweruka, 8 Disembala

Ndapempha mng'ono wanga Samson akandiimire mawa. Nayenso ndi mkulu wa mpingo, ngakhale ulaliki wake sudziwa kotsikira. Ndamuuza kuti ndili ndi chimfine. Ndinatsokomolako kawiri kuti zimveke.

Bodza. Mkulu wa mpingo. Ambuye andikhululukire, n'la sabata imodzi yokha.

Ndabandira chimanga cha kuseri. Chikubwera bwino.

Lasabata, 9 Disembala

Ndapemphera pano pathu. Jekete yoyera, mtima osakhala m'malo. Nthawi ya tiyi ndinapezeka ndikuyang'ana wotchi.

Masiku 18.

Lachitatu, 12 Disembala

Noel waimba kufunsa ngati ndamanga. Ndinamufotokozera za a Rabson ndi waya. Kenako anafunsa za timalamba tamphira. Akuti tinalipo tisanu ndi titatu m'kathumba, ta mabowomabowo, pamodzi ndi kakiyi kopindika ndi pepala la malangizo. Madigadi amenewa safuna bawuti. Timiyendo timangotsamira pa felemu, n'kumanga ndi timalamba, basi. Kuchotsanso n'chimodzimodzi.

Timalamba timeneto ndimatidziwa bwino. Mu Seputembala ndinamangira mbande zanga za mango ku zikhomo. Ndinkadzitama kuti ku Joni ngakhale zinyalala zawo n'zolimba. A Samson anapemphako ndinawamana.

Pepala ndalipeza padenga la khitchini, nditakulungira mbewu ya mpiru. Zithunzi zonse zilipo, chimodzi mpaka chisanu ndi chimodzi, zoti ngakhale mwana wa sitandade 2 akhoza kutsata. Zaka zonse zija ndinkalemba pa bolodi kuti werengani malangizo musanayankhe. Safunsa anadya phula.

Masana onse ku mango, kumasula. Tisanu ndi kamodzi ndapeza, mango ndawamanga ndi luzi. Kachisanu ndi chiwiri kanali pachitseko cha khola, mbuzi zinakatafuna theka. Kotsalako sindikudziwa komwe kali. Kakiyi kanali m'chitini cha mabatani cha Sabina. Ndinakhala kanthawi nditagwira chitinicho. Akanakhalapo akanandiseka mpaka misozi, ndipo mawa lake mudzi wonse ukanadziwa.

Lachisanu, 14 Disembala

Njinga chagada pakhonde, magalasi pamphuno, pepala nditapsinja ndi mwala.

Choyamba kupukuta felemu, pasakhale mchenga pomwe timiyendo titsamire. Ndinamanga onse awiri, ndinabwerera m'mbuyo kuti ndisirire. Akumbuyo aafupi, akutsogolo aatali mpaka kufuna kulima pansi. Ndasinthanitsa. Kumasula, kuyambiranso.

Timalamba n'tolimba, zala zanga n'zakale. Kamodzi kanathawa n'kundimenya pamlomo. Tiwiri tosowato ndadula ku chubu chakale, mulifupi ngati chala, n'kuzunguliza katatu. Chimenecho sanandiphunzitse a ku Joni, n'chathu chomwe timangira nacho makasu ndi matumba.

Kupukusa tayala: tsi, tsi, tsi, likukhudza kumanzere. Kakiyi, kusuntha pang'ono. Tsopano kumanja. Kakiyi. Mpaka tayala linazungulira lokha osalankhula. Ndinaliyang'ana mpaka linaima. Chimwemwe ngati cha tsiku limene ndinakhoza mayeso a uphunzitsi.

Loweruka, 15 Disembala

Kuyesa. Ndinavala malaya oyera akale kuti umboni uoneke. Pamsewu waukulu bwinobwino. Nditatsikira kudambo katondo anayamba kuunjikana pakati pa tayala ndi madigadi, mpaka tayala gwa, osayendanso. Ndinawayandikitsa kwambiri, monga pachithunzi. Wojambulayo sanapondepo dothi la kuno.

Kukolokosa ndi kamtengo, kuyenda pang'ono, kukolokosanso. Ndabwera wapansi, nsapato zolemera ngati njerwa.

Mawa sizitheka. Chimfine chapitirira. A Samson anandiyang'ana nthawi yaitali, koma avomera.

Lolemba, 17 Disembala

Samson wabwera ndi nkhani. Akuti a Getrude anafunsa za chimfine, anafunsanso kuti amandiphikira phala ndani. Iye anayankha kuti asadandaule, achimwene sakusowa wowasamala, masiku ano akuchita kuwala. Amanena akuseka, ati amafuna asade nkhawa. A Getrude amupatsa mandimu asanu kuti andibweretsere.

Mandimu asanu pa chimfine chabodza. Ndawaika pawindo, ndikuchita nawo manyazi.

Masiku khumi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndikudziwa. Koma ndatsala pang'ono.

Lachitatu, 19 Disembala

Ndakweza onse awiri, chala changa chachikulu chizilowa pakati. Akutsogolo ndawabweza m'mbuyo pang'ono kuti asamakhudze nsapato pokhota. Kudambo komwe kuja, kawiri, dala m'zithaphwi. Nditafika ndinavula malaya n'kuwayanika pa chingwe kuti ndione bwino. Mbee. Kadontho kamodzi paphewa, mwina ka mbalame.

Ndinadutsa pa a Rabson mwadala, pang'onopang'ono. Anagwedeza madigadi ndi dzanja, sanasunthe. Anati mphira wa chubu yekhayo ndiye wagwira, tinato n'tokongoletsa. Ndawasiya apambane.

Mawu ndakonza. Ndayeserera pamaso pa mbuzi katatu. Poyambira pali bwino, pakati pamandithawa.

Lasabata, 23 Disembala

Ndilembe mwadongosolo.

Mvula inagwa Loweruka lonse, msewu phala lokhalokha. Ndinafika woyera ngati ndatsika m'galimoto. Potembenukira ku bolodi ndinachedwako dala. Kwaya zii. Ulaliki unayenda.

Pakhonde zinthu zinali zina. Moni wa patali. Tiyi anabwera, koma iwo sanakhale pa mpando wawo, anakhala pamkeka kumapeto, maso ku msewu. Pakhomo ndinaona zikwama ziwiri zomangamanga. Nkhuku zatsala zitatu, zina agawa kale. Pawindo panali chitsononkho chatsopano, sanachikhudze.

Ndinayamba mawu anga aja. Ndisanafike n'pakati pomwe anandidula, mwaulemu, osakweza mawu.

"Aphunzitsi, musavutike kufotokoza. Masabata awiri osaoneka, lero mwabwera ochapidwa, ositidwa, mvula yonseyi. A Samson anandiuza kale kuti mwapeza wokusamalani. Ndakondwa nanu."

Sanakondwe. Maso anabwerera ku msewu.

Kwathu kuno bambo wamasiye akayamba kuwala mwadzidzidzi, anthu safunsa kawiri. Ine mwini ndakhala ndikuwanena anzanga choncho. Ndiye masabata atatu onsewa ndakhala ndikukonza umboni wondipachika ndekha.

Ndinati amene akundisamala ali panja, abwere adzamuone. Anazengereza, koma anatsika. Ndinawaonetsa madigadi, timalamba, mphira wa chubu. Ndinaulula za mango, za mbuzi, za chimfine chabodza, za mandimu amene akufota pawindo. Ndinati ndinkachita manyazi kuwapalitsa matope sabata ndi sabata ngati mwana wa sukulu. Anayang'ana tayala nthawi yaitali. Anafunsa ngati anadandaulapo. Ndinati ayi. Anati nanga chitsononkho amachisankhiranji Loweruka lililonse.

Apa mphunzitsi anamva phunziro mochedwa.

Ubwino wa madigadi amenewa, kuchotsa sikutenga nthawi. Timalamba tinayi, pwa pwa. Akumbuyo ndinawapatsa m'manja kuti andigwirire. Ndinakwera njinga, jekete ya pa Sabata ili pathupi, kulunjika chithaphwi chachikulu cha pafupi ndi mjigo. Kupita ndi kubwera. Amayi a pa mjigo anasiya kupopa. Ndikudziwa kuti pofika Khirisimasi nkhaniyi idzakhala itafika ku Nambuma.

Ndinabwerera pakhonde, ndinakhala, ndinawapatsa msana. Anati matope aawisi sapalika, mpaka aume. Tinadikira. Tiyi wina anabwera, uyu wa shuga wokwanira. Atayamba kupala ndi pomwe ndinanena zonse, maso ali pa nkhuku zitatu zija. Mawu okonza aja sanatuluke ndi amodzi omwe. Ndinangoti asapite ku Area 25, nyumba yanga ili ndi khonde lalikulu, mjigo uli pafupi, maondo awo ndi msana wanga tidzathandizana. Ndinati ndimawafuna.

Chitsononkho chinaima. Kenako chinayambanso.

"Khalani bwino, mukugwedezeka. Nkhani zotere sanenera kumsana. Tumizani munthu kwa achimwene anga. Koma asakhale wolankhula zambiri ngati a Samson."

Ndilibe wina. Apita Samson yemweyo, ndimulembera papepala zoti akanene.

Ponyamuka ndinapempha madigadi anga. Anawalowetsa m'nyumba, anatuluka opanda kanthu.

Lachinayi, 27 Disembala

Tsiku lija ndi lero. Bridget anabwera dzulo ndi galimoto, wabwerera ndi thumba la ufa ndi nkhuku imodzi. Anandiimbira yekha. Mafunso ngati wapolisi: ndimamwa mankhwala anji, denga likudontha kapena ayi, ana anga akudziwa. Pomaliza anati amayi ake akuseka okha kukhitchini, sanawamvepo choncho chimwalirire bambo ake. Anati tionana pa chinkhoswe, ndisachedwetse.

Noel ndamuuza. Ndinkaopa kuti aganiza za mayi ake. Koma anangoti akanadziwa akanatumiza njinga ya kaliyala.

Samson apita Loweruka. Pepala ndamulembera, mizere isanu, ndamuuza awerenge kawiri asanayankhule.

Njinga ili pakhonde ndi madigadi akutsogolo okha. Nsapato zizifika zoyera, msana uzidzionera. Timalamba tinayi ndasunga m'chitini cha mabatani, tsiku lina tidzagwira ntchito akadzabwera nawo eni ake.

Kukuchita mdima cha ku Kabudula, ibwera yambiri. Lasabata n'kutali. Mandimu aja ndi chifukwa chokwanira, munthu ayenera kukathokoza. Jekete sinaume bwino koma ndikunyamuka.