Ndinalonjeza mayi a Kendrell kuti sindichoka

Aphungu,

Ndikulemba ndili ndi chimwemwe chachikulu. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala wothandizira mphunzitsi wa mpira wa ku America m'makoleji asanu. Ndanyamula zisoti za osewera, ndayenda misewu yonse ya Mississippi kusaka anyamata aluso. Lachiwiri lapitali koleji ina ya ku Arkansas inandiimbira foni kuti ndikakhale mphunzitsi wamkulu. Timu yangayanga! Mkazi wanga Darlene anakuwa mpaka galu anathawira pansi pa tebulo, ndipo wayamba kale kupempha makatoni olongedzeramo katundu kusitolo.

Chikundivuta n'ichi. Chaka chatha ndinapita ku Yazoo City kukakopa Kendrell Pettway, mnyamata waliwiro amene makoleji akuluakulu ankamulimbirana. Mayi ake, a Odessa, amulera okha. Anandipatsa nkhuku yokazinga, ndipo nditakhuta anandiyang'ana m'maso. "Makochi nonse mumabwera ndi pakamwa pozuna," anatero. "Inuyo mukhalapo mpaka mwana wanga atamaliza sukulu?" Ndinayankha kuti zaka zinayi zonse. Kendrell anasaina tsiku lomwelo kuti adzasewere pakoleji yathu.

Wangosewera chaka chimodzi. Dzulo anandithamangira kudzandiuza kuti wakhoza masamu amene ndinkamukakamiza kuwerenga, ine n'kulephera kumuyang'ana. A ku Arkansas alengeza Lolemba, ndipo akuti ndisauze munthu. Ndikane mwayiwu? Kapena ndimutenge tipitire limodzi?

R.T., Meridian

A R.T.,

Ndakunyadirani! Ntchitoyo ilandireni. Mwaivutikira, ndipo mukaikana mudzakhala mukumuyang'ana mnyamatayo ngati ndi amene anakutsekerani njira.

Koma musadzinamize: munalonjeza zimene ntchito yanu silola munthu kulonjeza. Lero lomwe imbirani a ku Arkansas, muwauze kuti pali banja limodzi loyenera kumva kwa inu asanalengeze. Ngati anakusankhani chifukwa cha khalidwe lanu, avomera. Kenako muuzeni Kendrell pamasom'pamaso, mukwere galimoto mpaka ku Yazoo City kwa a Odessa. Foni ayi. Mukakhale pampando womwe uja n'kunena kuti, "Mayi, ndinalonjeza, ndipo ndalephera." Akakukalipirani, musadziteteze. Mwina ulendo uno mbale simuiona.

Zomutengazo zisiyeni. Ali ndi anzake, maphunziro akuyenda, ndipo kwawo n'kufupi moti mayi ake amatha kudzamuonera akusewera Loweruka. Mukamunyengerera panopa mukhala mukutonthoza mtima wanu, osati kumuthandiza. Akafuna yekha kusamuka, malamulo ake alipo. Inu mupezereni mphunzitsi wodalirika pakati pa otsalawo, mukamutchule dzina kwa a Odessa, ndipo nambala yanu musasinthe.

Chenjezo langa: mwezi wamawa mukhala m'nyumba za amayi ena ku Arkansas, ndipo funso lomweli libweranso. Mukawauze zimene mudzawachitire ana awo muli pompo. Zaka musatchule.

Aphungu